Khoma la Betesani ndi Lilime la Mthenga

Mau owerenga: 1 Mafumu 19, 1 Samueli 31, Macitidwe 16:25-34.

Mneneri Eliya sanagwetsedwe ndi nkhondo. Pa phiri la Karimeli anaima yekha pamaso pa aneneri a Baala 450, nawalaka, ndipo mvula imene inakanika zaka zitatu inagwa tsiku lomwelo. Cimene cinamtyola mtima ndico mthenga mmodzi wocokera kwa Yezebeli, wonyamula mau owerengeka akuti pofika nthawi yomweyo mawa lace adzakhala ataphedwa. Munthu amene sanaope khamu anathawa uthenga. Anatsikira kumwera kufikira ku Beereseba, nasiya mnyamata wace komweko, nalowa m'cipululu yekha ulendo wa tsiku lathunthu. Ndipo atakhala pansi pa kamtengo anapempha Mulungu kuti amcotsere moyo, pakuti anadziona wacabe.

Wowerenga wofulumira amadumpha zinthu ziwiri m'nkhaniyi. Eliya anasiya mnyamata wace. Ndipo munthu wotopa ndi moyo amatero kufikira lero, amayamba wadzipatula kwa iwo amene akadamgwira dzanja. Cinanso, Eliya anawerenga molakwa. Anadandaula kuti mwa aneneri a Yehova watsala yekha, cikhalireco Obadiya anali atamuuza masiku apitawo kuti anabisa aneneri 100 m'mapanga, nawadyetsa. Eliya sananame, mtima wolema umaona dziko monga munthu aona mudzi tsiku la nkhungu, nyumba ziripo koma sizioneka.

Tsono Mulungu anamtani mtumiki wace? Sanamdzudzule, sanamfunse kumene cinapita cikhulupiriro ca pa Karimeli. Anamlola agone. Mngelo anamkhudza, namuonetsa mkate wooca ndi madzi, ndipo atadya anagonanso. Namdzutsanso kaciwiri kuti adye. Ciphunzitso cinadza patapita masiku 40, ku Horebu, ndipo ngakhale kumeneko cinayamba ndi funso. Eliya ananena dandaulo lace kawiri, mau omwewo, Mulungu namvetsera kawiri konse. Mphepo, cibvomezi ndi moto zinapita, koma Yehova anadza m'kaliu kakang'ono. Pamenepo mpamene anamkonzera ciwerengero cace, kuti otsala ndi 7,000, nampatsa nchito, namtumiza kwa Elisa amene anali kulima ndi ng'ombe, kuti asayendenso yekha. Tulo, cakudya, khutu, coonadi, nchito ndi bwenzi, zonsezi zinaperekedwa kwa munthu wopempha imfa, ndipo pa zonsezi panalibe mwano.

Mose, Yobu ndi Yona nawonso analakalaka kufa, ndipo Buku Lopatulika silinawabise. Cifukwa cace mpingo usafulumire kunena kuti maganizo otere amagwera akunja okha, kapena anthu osapemphera. Bungwe la WHO, loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, linawerenga kuti m'caka ca 2021 anthu oposa 720,000 anadzipha, ndipo amuna anaposa akazi kowirikiza. Ambiri a iwo anali m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, m'midzi ngati ya ku Katete, Petauke kapena Lundazi, kumene mnyamata aphunzitsidwa ali wamng'ono kuti mwamuna salira. Zowawa zace nzodziwika: kaloba amene wakula kuposa munda, cimanga cimene capsa ndi dzuwa ngongole ya feteleza iri ciimire, kacasu, ndalama za banja zotayika pa kubeca, nkhanza za m'nyumba, mimba ya mtsikana wa sukulu amene aopa atate wace, mayeso olephera. Pansi pa zambiri za izi pali nthenda imene madotolo aidziwa bwino, ya kupsinjika kwa mtima, imene imacotsa tulo, cilakolako ca cakudya ndi ciyembekezo, ndipo iri ndi mankhwala ace monga malungo ali ndi ace. Pamudzi anthu amathamangira kunena kuti wamlodza ndi wakuti, ndipo nkhalamba yosalakwa imasanduka mfiti. Potero maliro amodzi amabala udani wa zaka makumi, nthenda yeniyeniyo osachulidwa konse.

Koma nkhani ya Eliya inayamba ndi mthenga, ndipo za amithenga mpingo sunaphunzitse mokwanira.

Pa phiri la Giliboa mfumu Sauli, atalasidwa ndi mibvi, ana ace atatu atafa, anadzipha. Mnyamata wonyamula zida zace anali atakana kumupha, cifukwa anaopa. Koma pakuona cimene mbuye wace anacita, iyenso anacita comweco. Mnyamatayo sanali wolasidwa, sanali mfumu yoopa kusekedwa ndi adani. Anangoona. Buku linalemba zimenezi zaka zikwi zapitazo, ndipo anthu ophunzira azitsimikiza m'masiku ano.

M'caka ca 1774 mlembi wa ku Germany, Goethe, anasindikiza buku la nthano ya mnyamata Werther amene anadzipha cifukwa ca cikondi. Mbiri inamveka kuti anyamata ena ayamba kumtsanza, kotero kuti mumzinda wa Leipzig bukulo linaletsedwa. Patapita zaka 200, mu 1974, David Phillips wa ku America anasanthula nyuzipepala za zaka zambiri, napeza kuti nkhani ya munthu wodzipha ikalembedwa pa tsamba loyamba, odzipha amacuruka m'masabata otsatira, ndipo nkhaniyo ikabwerezedwa masiku ambiri amacurukanso koposa. Anacha cinthuci dzina la Werther uja. Mu 2014, atadzipha Robin Williams, munthu wochuka wa m'zithunzi za kanema, ndipo imfa yace italengezedwa ponseponse ndi tsatanetsatane wace, odzipha ku America anakwera ndi pafupifupi 10 mwa 100 m'miyezi yotsatira. Si kuti nkhani imapenga munthu wa mtima wabwino. Koma pa gulu liri lonse la omvera pali wina amene wakhala kale pansi pa kamtengo ka Eliya, ndipo kwa iyeyo nkhani yofotokoza njira, malo ndi kulira kwa khamu imamveka ngati citseko cotseguka.

Cimene cinacitika ku Vienna, likulu la Austria, cionetsa kuti citsekoco cikhoza kutsekedwa. M'zaka za m'ma 1980 anthu odzipha pa njanji ya sitima yoyenda pansi pa mzindawo anali kucuruka, ndipo nyuzipepala zinali kulemba imfa iri yonse ndi zilembo zazikuru. Mu 1987 madotolo ndi akonzi a nyuzi anapangana kuti nkhani zotere zizilembedwa mwacidule, kapena kusiyidwa. M'miyezi isanu ndi umodzi yokha imfa za pa njanjiyo zinatsika kuposa theka, ndipo zinakhala zocepa zaka zambiri. Sanamange cipatala catsopano, sanagule mankhwala, anangogwira lilime.

Nkhani ya Sauli ipitirira. M'mawa mwace Afilisti anapeza mtembo wace, natumiza amithenga m'dziko lao lonse kukalengeza m'nyumba za mafano ndi kwa anthu, napacika mtembowo pa khoma la mudzi wa Betesani kuti wodutsa ali yense auone. Kunalinso Mwamaleki amene anathamangira kwa Davide ndi mbiri ya imfayo, akuyembekeza mphotho. Khoma la Betesani liripo lero, ndipo liri m'thumba la munthu ali yense. Pamene wailesi yotsika mtengo ija ya Saucepan Special inafika m'midzi ya dziko lino mu 1949, mau ocokera ku Lusaka anali kudutsa m'manja mwa anthu owerengeka asanafike pa bwalo. Tsopano mwana wa zaka 15 wokhala ndi lamya ya m'manja ali ndi mphamvu imene mkonzi wa nyuzi wa masiku aja analibe. Munthu akapezeka atadzipha, asanafike apolisi, asanamve mai wace, cithunzi cafika kale pa Facebook ndi pa WhatsApp, kalata imene anasiya yawerengedwa ku Kitwe ndi ku Johannesburg, ndipo pansi pace anthu alemba, ena kuseka, ena kutemberera, ena kumtama kuti wapumula. Wotumizayo amati ndangodziwitsa anthu. Mwamaleki uja anateronso.

Makolo sanali kunyamula uthenga wa maliro motero. Imfa inayamba yanenedwa kwa akuru a banja ndi kwa mfumu, amithenga natumidwa ndi mau osankhidwa bwino. Akafika anakhala pansi, napereka moni, nafunsa za moyo wa pamudzi, ndipo pambuyo pace ananena kuti uje watisiya. Anadziwa kuti uthenga wa imfa ndi mtolo wolemera, wofunika kuutula pang'onopang'ono. Mwambo umenewo sunali wacikunja ai, unali wacifundo, ndipo ncomvetsa cisoni kuti Akristu amene amadzitama kuti ali m'kuunika ataya ulemu umene agogo ao osadziwa kuwerenga anausunga. Madzi akatayika saoleka. Cithunzi cotumizidwa kamodzi cidzapezedwa ndi ana a womwalirayo atakula.

Anthu oyenera kutsanzidwa m'caputala cimeneci ndiwo amuna a ku Yabesi Gileadi. Atamva za khoma lija anayenda usiku wonse, natsitsa mitembo ya Sauli ndi ana ace, naika mafupa ao kwao, nasala cakudya masiku asanu ndi awiri. Anakumbukila kuti Sauli yemweyo ali mfumu yatsopano anawapulumutsa kwa Aamoni; anamkumbukila ndi moyo wace, osati ndi ora lace lomaliza. Davide atamva anawadalitsa. Mkristu amene walandira cithunzi cotere pa lamya, nacifafaniza, napempha wotumizayo mwaulemu kuti acicotse, wayenda ulendo wa ku Betesani ali khale pa mkeka wace.

Kuyambira caka ca 2000 bungwe la WHO lakhala likupereka malangizo kwa atolankhani pa nkhani zotere, ndipo linawakonzanso mu 2023. Ali oyenera kwa muulutsi wa pa wailesi ya ku Chipata monga ali oyenera kwa mlembi wa mpingo wolengeza maliro Lamulungu. Njira imene munthu anadziphera isachulidwe, ngakhale malo ace enieni. Cithunzi ndi kalata zisaonetsedwe. Nkhani isabwerezedwe tsiku ndi tsiku. Makamaka pasanenedwe kuti wadzipha cifukwa mkazi wamkana, kapena cifukwa ca ngongole ya makwaca akuti, monga ngati cifukwa cimodzi cikwanira. Kutero nkunama, pakuti anthu zikwi akanidwa ndipo ali moyo, ndipo nkuphunzitsa mnyamata wina wokanidwa kuti yankho lace ndi limeneli. Ndiponso nkhani iri yonse yotere inene kumene munthu wobvutika angapeze thandizo.

Wina angaganize kuti potero nkwabwino kungokhala cete. Iai. Mu 1935 mbusa wacinyamata wa mpingo wa Anglican ku England, Chad Varah, anaika maliro ace oyamba, a mtsikana wamng'ono amene anadzipha atatha msinkhu. Poona zimene zinamcitikira m'thupi anayesa kuti wagwidwa ndi nthenda yamanyazi, ndipo analibe munthu womfunsa. Mau owerengeka a namkungwi kapena a azakhali akadampulumutsa. Mbusayo sanaiwale mandawo, ndipo mu 1953, pa chalichi ca St Stephen Walbrook mu London, anaika lamya yoti munthu ali yense wofuna kudzipha aimbe ndi kupeza womvetsera. Ndico ciyambi ca bungwe la Samaritans, limene likugwirabe nchito. Mtsikana uja, monga Eliya, anakhulupirira mbiri yonama imene mtima wace unamuuza, ndipo kunalibe mthenga woona wakuitsutsa.

Nkhani yokambidwa bwino imaciritsa. Mu 2010 Thomas Niederkrotenthaler ndi anzace, ku Vienna komwe kuja, anapeza kuti nyuzipepala zikalemba za anthu amene anafika pa mdima wotere koma anapeza njira yopitirira ndi moyo, odzipha amacepa. Anacha cinthuci dzina la Papageno, munthu wa m'sewero la nyimbo la Mozart la 1791, amene anafuna kudzipha koma anyamata atatu anamletsa, namkumbutsa cimene anali naco m'manja. Mpingo uli ndi mwai pano woposa wa nyuzipepala iri yonse, pakuti umboni ndi mwambo wace wakale. Mkuru wa mpingo amene anadutsa m'cigwa cimeneci, nathandizidwa ndi mkazi wace, ndi pemphero, ndi mankhwala a ku cipatala, akaima pamaso pa anthu ndi kunena zimenezo mosacita manyazi, walalikira koposa alaliki khumi.

Ku Filipi, pakati pa usiku, cibvomezi cinatsegula makomo a ndende. Mlonda atadzuka anayesa kuti akaidi athawa, ndipo podziwa cilango cimene cinali kumdikira anafuna kudzipha. Nayenso anawerenga molakwa, pakuti sanathawe ndi mmodzi yemwe. Paulo, amene msana wace unali ndi mabala a zikoti, sanayembekeze kuti kuce, sananong'one, sanati nza eni ace. Anapfuula, namletsa, namuuza kuti onse alipo. Ulaliki unadza pambuyo, nyali zitabwera. Ndipo usiku womwewo mlondayo anatsuka mabala ao, nabatizidwa, nawaikira cakudya m'nyumba mwace. Nthawi imene inalekanitsa imfa ndi phwando limenelo inali yaifupi kuposa yophikira nsima.

Madotolo atsimikiza kuti nthawi ya ngozi yeniyeni kawirikawiri imakhala yaifupi cotero, ndi kuti ambiri amene apulumutsidwa pa ora limenelo amakhala moyo zaka zambiri, nafa imfa zina. Atsimikizanso kuti kufunsa munthu mosabisa sikumpatsa maganizo amene analibe. Mbale amene wasiya kudya ndi anzace, wosagona, wayamba kugawa zinthu zace, kulawira mosadziwika bwino, kapena kunena kuti mudzapumula ndikacoka, afunsidwe pambali ndi munthu amene amamkhulupirira: "Acimwene, ndaona kuti mtima wanu walema. Kodi mwaganizapo zodzipha?" Akabvomera, asatsutsidwe ndi mavesi, asaopsezedwe ndi Gehena, asasiyidwe yekha usiku umenewo, amvedwe kufikira atatha mau, ndipo m'mawa aperekezedwe ku cipatala. Cinsinsi cotere sicisungidwa, ngakhale iye atapempha.

Alimi a thonje, fodya ndi ndiwo zamasamba ali ndi udindo wina. Mankhwala ophera tizirombo asakhale pansi pa kama kapena pa denga la khonde. Akhale m'bokosi lokhoma, mfungulo iri ndi munthu wamkuru, ndipo m'nyumba mukakhala wobvutika mtima acotsedwe akasungidwe kwina. Dziko la Sri Lanka, la alimi ang'onoang'ono ngati a kuno, linaletsa mankhwala a m'munda oopsa koposa, ndipo pakati pa 1995 ndi 2015 odzipha anatsika ndi 70 mwa 100. Akatswiri awerenga kuti anthu ngati 93,000 anapulumuka, zokolola osatsika.

Ena amabisa wodwala poopa boma. Asaope. M'dziko la Zambia kudzipha kunaleka kukhala mlandu ndi lamulo la 1967, ndipo mu 2019 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la umoyo wa maganizo, lolowa m'malo mwa lija la nthawi ya atsamunda. Dzina la Chainama, cipatala ca ku Lusaka cimene cinatsegulidwa mu 1962, lasanduka citonzo m'kamwa mwa ana ndi akuru omwe, ndipo citonzo cimeneco caletsa ambiri kupempha thandizo. Mkristu asaciyese nthabwala. Ndiponso thandizo siliyambira ku Chainama. Liyambira pa kiliniki ya pafupi ndi ku cipatala ca boma, ndipo bungwe la Lifeline Childline Zambia liri ndi manambala a lamya osalipira, 933 ya akuru ndi 116 ya ana. Ku Harare, kuyambira 2006, dotolo Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benci kunja kwa kiliniki ndi kumvetsera anthu odwala nthenda imene Ashona amaicha kuganiza kwambiri, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti okhala pa benciyo anapeza bwino koposa olandira cithandizo ca masiku onse. Amai a cigwirizano amene amayendera odwala Lacinai liri lonse ali kale pakati pa njira ya nchito imeneyi. Cowasowa ndi maphunziro a masiku owerengeka, ndipo abusa awapemphere maphunzirowo kwa anamwino a m'dera lao.

Pemphero ndi cipatala sizilimbana. Mulungu amene analankhula ku Horebu ndiye yemwe anatumiza mkate.

Patsala banja limene imfa yotere yalowamo kale. Kale mipingo yambiri inakana kuika maliro a munthu wodzipha, ndipo kwina cizolowezico cikadalipo. Mpingo wa Katolika unacotsa ciletso cimeneco m'malamulo ace a 1983, pozindikira kuti munthu wopsinjika mtima sakhala ndi ufulu wonse wa maganizo. Moyo ngwa Mulungu, ndipo kuucotsa si njira imene Iye anaika. Zimenezo ziphunzitsidwe momveka kwa amoyo. Koma cimene cinadutsa pakati pa mzimu wa munthu ndi Mlengi wace pa mphindi yomaliza sacidziwa mbusa, sacidziwa mkuru wa mpingo, ndipo mlaliki wa pa manda amene agamula mlanduwo wakhala pa mpando wosakhala wace. Akumbukile kuti iyenso ndi mthenga, ndi kuti pakati pa olira pali mng'ono wace wa womwalirayo, amene ali pa ngozi yoposa onse. Asanene kuti mbale wathu wapeza mpumulo ku mabvuto ace, pakuti wobvutika wina adzamva ngati kuitana. Asanenenso kuti wapita ku moto, pakuti mai wace adzasenza mau amenewo kufikira imfa. Anene za moyo wa munthuyo, minda imene analima ndi ana amene analera, anene kuti anadwala nthenda imene ikadatha kucizidwa, nachule kumene odwala ena angapite. Ndipo maliro akatha, anthu asalambalale nyumbayo monga ngati iri ndi khate. Caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe. Amasiye otere amafunsa okha usiku kuti tinalakwa pati, ndipo amafuna alendo mwezi wacitatu ndi wacisanu ndi cimodzi, pamene misasa yaphwasulidwa kale ndipo acibale abwerera kwao.

Tsiku la 10 September lasungidwa pa dziko lonse kuyambira 2003 monga tsiku lokumbutsana za kupewa kudzipha. Ligwa m'nyengo imene zokolola zagulitsidwa, eni ngongole ayamba kuyendera makomo, ndipo ana a sukulu ayandikira mayeso. Akuru a mpingo angasankhe Lamulungu loyandikana nalo, awerenge macaputala atatu ali pamwambawa, aitane namwino wa pa kiliniki kuti alankhule mapemphero atatha, akambirane ndi acinyamata za zithunzi za pa lamya, ndipo manambala awiri aja alembedwe ndi zilembo zazikuru pa citseko ca chalichi, kunja kwace, kumene munthu wamanyazi angawawerenge osafunsa wina.